Mukufuna kukaonera opera ya bel canto yomwe aikonza mwatsopano? Chitani izi kuti musakasochere

Ma opera a Rossini, Donizetti ndi Bellini, omwe amatchedwa bel canto (kuimba kokongola mu Chitaliyana), ndi akale zedi, ambiri anatuluka pakati pa 1810 ndi 1845, koma nyumba za opera sizitopa nawo, chaka ndi chaka mumva kuti uku akonza Norma wa Bellini watsopano, uko Lucia wa Donizetti watsopano. Ndiye munthu amene sanazolowere amadabwa kuti chatsopanocho nchiyani poti nyimbo ndi zomwezo. Eya nyimbo ndi zomwezo, mawu achitaliyana ndi omwewo. Chimene chimasintha ndi zomwe maso akuona, siteji, zovala, magetsi, nthawi imene nkhani ikuchitikira, ndi momwe oimba akuyendera komanso kugwirana pa sitejipo. Imeneyi ndi ntchito ya dailekita ndi gulu lake, ndipo madailekita ena a masiku ano alibe nazo mantha, akhoza kutenga nkhani ya ku Scotland ya makedzana nkukaiika pa motelo ya ku America, inu muli pampando mukungodzifunsa kuti kodi ndalowa holo yolakwika kapena. Ndigwiritsa ntchito Lucia di Lammermoor ya Donizetti ngati chitsanzo chifukwa ndi imodzi mwa zomwe amazikonza pafupipafupi komanso madailekita amakonda kuiseweretsa.

Yambani ndi kuwerenga nkhani yonse musanachoke pakhomo, mpaka mathero ake. Musaope kuti mukudzionongera, iyi si filimu ya apolisi yoti mudikire kuti wapha munthu ndani. Lucia inaonetsedwa koyamba pa 26 Seputembala 1835 ku Teatro San Carlo mu mzinda wa Naples, mawu analemba ndi Salvadore Cammarano potengera buku la Walter Scott, ndipo nkhani yake ndi yaifupi. Enrico zinthu sizikumuyendera, mphamvu za banja lake zikutha, ndiye akufuna kukwatitsa mlongo wake Lucia kwa Arturo kuti apulumukire pamenepo. Koma Lucia ali kale pachibwenzi chobisa ndi Edgardo, mdani weniweni wa banjalo. Edgardo akupita ku France, asananyamuke apatsana mphete. Makalata ake amawagwira panjira, kenako amuonetsa Lucia kalata yabodza yoti mnyamata uja wapeza wina, m'busa Raimondo nayenso amunyengerera kuti angovomera, mtsikana asaina. Inki isanaume nkomwe Edgardo watulukira, aona siginecha, amutemberera pamaso pa anthu. Usiku wa ukwati womwewo Lucia abaya Arturo, atsikira pakati pa alendo magazi ali pa diresi, mutu wasokonezeka akuganiza kuti akukwatiwa ndi Edgardo. Amwalira, Edgardo atamva adzibaya. Basi yatha.

Mukaisunga nkhaniyi mmutu simungavutike ngakhale dailekita apenge bwanji. Chifukwa vuto la siteji zatsopano ndi loti zomwe akuimba ndi zomwe mukuona nthawi zina zimasemphana, mawu omasulira omwe amawaonetsa pamwamba pa siteji akuti lupanga koma munthu wagwira mfuti, akuti nyumba yachifumu inu mukuona galaja. Amene sakuidziwa nkhani amathera usiku wonse khosi lili mmwamba kuwerenga, osaona kanthu osamvanso kanthu.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ndikhalitsepo chifukwa anthu ambiri amadumphapo: dziwani momwe nyimbo za bel canto anazimangira. Pali kachitidwe kamene olemba a nthawi imeneyo ankatsatira pafupifupi paliponse. Woimba amayamba ndi recitativo, kuimba kokhala ngati akungolankhula, nkhani ikuyenda. Kenako imabwera nyimbo yodekha, cantabile, apa nkhani yaima, munthu akungotulutsa zakukhosi. Ikatha pamachitika kenakake, wina walowa ndi uthenga kapena mnzake wamutsutsa, ndiye mtima wa woimba uja umasintha nkulowa mu cabaletta, nyimbo yothamangirapo yomwe amaiimba kawiri. Kachiwiriko si kuti aiwala kuti aimba kale ayi, ndi pomwe woimba amapatsidwa mpata wokongoletsa, kuonjezera timanotsi take, kukhotakhota mmene akudziwira iyeyo. Mukaona anthu ozolowera akuwongoka pampando cabaletta ikamabwerezedwa, akudikira zimenezo.

Tamverani kulowa koyamba kwa Lucia kuti muone zomwe ndikunena. Zeze amayamba yekha kwa kanthawi. Lucia ali pa kasupe ndi Alisa, mzimayi womuthandiza, akumufotokozera za mzukwa wa mtsikana yemwe anaphedwera pamalopo, nyimbo yake ndi Regnava nel silenzio, yodekha yochititsa nthumanzi. Alisa akuti mayi inu izi ndi malodza, chisiyeni chibwenzi chimenechi. Lucia akana, ndipo kukanako ndi komwe kukumulowetsa mu Quando rapito in estasi, yosangalala, manotsi akuuluka. Ndiye mwaona, mu mphindi zochepa Donizetti wakuonetsani kale kuti mtsikanayu amaona zinthu zomwe ena sakuona komanso amachoka pa mantha kufika pa chimwemwe mwachangu kwambiri. Misala ya kumapeto ija siichokera kumwamba, mbewu yake ili apa. Dailekita wabwino amadziwa zimenezi ndipo muona kuti wachitapo kanthu pa siteji.

Kwina komwe kubwereza kuja kumagwira ntchito kwambiri ndi kumapeto kwenikweni, pa nyimbo ya Edgardo yotchedwa Tu che a Dio spiegasti l'ali. Koyamba amaiimba yonse bwinobwino. Kenako adzibaya, ndipo pobwereza mpweya alibe, ndiye cello, chida cha zingwe chokhala ngati vayolini yaikulu, ndi amene amatenga nyimbo ija iye nkumangoponyamo timawu toduka. Ndikunena izi dala chifukwa pali anthu amene Lucia akangogwa amayamba kufunafuna zikwama zawo ngati zatha. Sizinathe, tena, woimba wamwamuna amene ali Edgardo uja, akadali ndi gawo lake lonse kumanda a makolo ake, khalani pansi.

Musanapite mverani nyimbo ziwiri kapena zitatu zokha, osati opera yonse, koma iliyonse muimve kwa oimba awiri osiyana. Pa YouTube zilipo zambiri. Maria Callas ndi Joan Sutherland ndi poyambira pabwino chifukwa ndi osiyana kwambiri, Callas amakupatsa munthu wovulala mumtima, mawu aliwonse ali ndi tanthauzo, pomwe Sutherland, yemwe anatchuka ndi Lucia yemweyu ku Covent Garden, nyumba ya opera ya ku London, mu 1959, amakupatsa liwu lalikulu loyenda mosavuta ngati palibe chovuta. Mwa oimba a pano mutha kumvera Pretty Yende, Nadine Sierra kapena Lisette Oropesa. Pomvera tcherani khutu pa mpweya. Kodi mzere wautali akuufikitsa kumapeto osaudula? Kuimba kwa bel canto kuli ngati munthu wasenza ndowa yodzaza madzi akuyenda osataya dontho, notsi imalowa mu inzake popanda kugwedezeka. Mverani ngati timanotsi tothamanga tikumveka kamodzikamodzi kapena tangosakanikirana, ngati trill yake ili manotsi awiri enieni akusinthana kapena liwu likungonjenjemera, komanso ngati angathe kuyamba notsi pansipansi, kuikuza, nkuibwezanso pansi ndi mpweya umodzi. Chomalizachi ndi chovuta kuposa kukuwa.

Za manotsi apamwamba aja anthu amafera, dziwani kuti ambiri olemba sanalembe, ndi chizolowezi chomwe chinabwera pambuyo. Notsi ya E flat yomwe sopulano, woimba wamkazi wa liwu lapamwamba amene ali Lucia uja, amatsekera nayo gawo la misala mulibe mu zomwe Donizetti analemba. Ine ndimaikonda ikatuluka bwino, sindinama, koma kuweruza usiku wonse wa munthu ndi notsi imodzi ndi kupanda chilungamo. Kumbukiraninso kuti anthuwa alibe maikolofoni, ndipo okesitira ya bel canto nthawi zambiri imangoperekeza chapansipansi, ndiye woimba alibe pobisala, kalikonse kolakwika holo yonse imamva.

Tsopano fufuzani za siteji yeniyeni yomwe mukukaonayo. Nyumba za opera zimaika zithunzi ndi kavidiyo kakafupi pa intaneti, zioneni, ndipo onani dzina la dailekita nkufufuza zomwe anachitapo kale. Sikuti mukadane naye musanafike, koma kuti musakadzidzimuke. Mu 2016 ku Royal Opera House ku London, Katie Mitchell anagawa siteji ya Lucia pawiri, mbali imodzi mukuona zomwe zili mu nkhani, mbali inayo zomwe zikuchitika kuseri nthawi yomweyo, mpaka kuphedwa kwa Arturo komwe mwachizolowezi sikuoneka anakuonetsa poyera, ndipo Lucia wake anali ndi pakati nkupita padera. Nyumbayo inachita kuchenjezeratu ogula matikiti kuti muli zachiwawa ndi zogonana. Mu 2022 ku Metropolitan Opera ku New York, Simon Stone anaisamutsira ku tauni yosauka ya ku America ya masiku ano, siteji yozungulira yokhala ndi motelo, famase ndi zina, anthu a makamera akuyenda ndi oimba ndipo nkhope zawo zikuoneka pa sikilini yaikulu pamwamba. Si Lucia yekha. Mary Zimmerman mu 2009 anaika La sonnambula ya Bellini mu chipinda chophunzirira sewero mmalo mwa mudzi wa ku Switzerland, anthu anamuwowoza. Ku Salzburg mu 2013 Norma yemwe anaimba Cecilia Bartoli anamuchotsa mu nthawi ya Aroma nkumuika mu nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Mawu oti yatsopano nawonso muwasamale. Nthawi zambiri nyumba ziwiri kapena zitatu zimasonkherana ndalama nkukonza siteji imodzi yomwe imayendayenda, ija ya Stone itachoka ku New York inakaonetsedwanso ku Los Angeles. Ndiye ikhoza kukhala yatsopano kumene mukukaonerako koma inaonetsedwa kale kwina, zomwe ndi zabwino kwa inu chifukwa zithunzi ndi zomwe anthu analemba zilipo kale.

Onaninso ngati anena kuti aimba zonse kapena adula. Kwa zaka zambiri Lucia ankamudula kwambiri, kubwereza kwa ma cabaletta kuchotsa, gawo lomwe Enrico amapita kukakumana ndi Edgardo ku Wolf's Crag usiku wa mkuntho kuchotsa, zokambirana za Raimondo ndi Lucia nthawi zina kuchotsanso. Masiku ano makondakita, otsogolera okesitira aja, ambiri amazibwezeretsa, ndiye ngati munamvera rekodi yakale musadabwe kumva nyimbo zomwe simukuzidziwa. Ndiye pali nkhani ya chida chomwe chimaperekeza Lucia pa misala. Donizetti poyamba analembera glass harmonica, mbale zagalasi zolowetsana zomwe zimazungulira woliza chidacho nkumazikhudza ndi zala zonyowa, koma poonetsa koyamba chitoliro ndi chomwe chinalowa mmalo mwake ndipo chinakhazikika. Siteji zatsopano zambiri zikubwerera ku galasi lija. Kulira kwake ndi kozizira, sukudziwa kuti kukuchokera mbali iti, ndipo kwa ine kumagwirizana ndi mutu wosokonezeka kuposa chitoliro. Kupikisana kotchuka kwa liwu ndi chitoliro pa gawo la misalali nako si kwa Donizetti, kunabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndiye sopulano wina akachita zake zosiyana sanalakwitse.

Za mpando. Ngati siteji ndi yogawa pawiri kapena ili ndi sikilini, mipando ya mmbali kwambiri ikupusitsani, muona theka. Nyumba zakale za ku Italy ngati La Scala ndi San Carlo anazimanga mozungulira, ndiye timazipinda ta mmbali timayang'anizana ndi anthu anzanu kuposa siteji, makamaka mukakhala mpando wakumbuyo. Pogula tikiti amalemba ngati malowo saoneka bwino, werengani. Kumwamba kwenikweni chapakati ndi kotchipa ndipo mawu amafikako bwino kwambiri, nkhope zokha ndi zomwe simuziona. Onetsetsani tsiku, chifukwa nthawi zambiri pamakhala magulu awiri a oimba osinthana, mukhoza kugula tikiti chifukwa cha sopulano wina nkupeza kuti tsiku limenelo akupuma. Fikani msanga, mukachedwa amakuimikani panja mpaka nthawi yopumira, ndipo mukonzekere pafupifupi maola atatu. Zovala musavutike nazo, chilichonse chaulemu, masuti ndi madiresi aatali ndi a usiku wotsegulira. Foni muzimitse, osati kungoichotsa mawu, kuwala kwake kumasokoneza.

Ngati kupita simungathe, tsamba la OperaVision limaonetsa ma opera ulere pa intaneti, ndipo Metropolitan Opera yakhala ikuonetsa ake mma sinema kuyambira 2006. Kungoti kamera ndi imene imakusankhirani poyang'ana, ndipo maikolofoni amafananitsa mawu, woimba wa liwu laling'ono amamveka ngati chimphona. Okonda kuyenda, ku Pesaro kwawo kwa Rossini kumakhala chikondwerero cha ma opera ake mu Ogasiti kuyambira 1980, ndipo ku Bergamo kwawo kwa Donizetti chimachitika cha mu Novembala, kumeneko ndi komwe amafukula ngakhale zomwe zinaiwalika.

Magetsi akazima, nayi njira yomwe ine ndimayezera ngati dailekita wagwira ntchito kapena wangosintha zovala. Osayang'ana kuti waiika chaka chanji, zimenezo zilibe kanthu kwenikweni, Lucia wa jinzi akhoza kukuliza ndipo wa diresi ya makedzana akhoza kukugonetsa tulo. Yang'anani zomwe wachita pamene nyimbo yaimitsa nkhani. Bel canto ili ndi malo ambiri otero, ndipo pamenepa ndi pomwe madailekita ofooka amachita mantha nkuyamba kudzaza siteji ndi zinthu, uyu akusesa, uyo akumwa mowa, ena akuvina kumbuyo, ngati akuopa kuti tiboweka. Malo oyesera bwino ndi Chi mi frena, pamene Edgardo watulukira pa ukwati paja. Anthu asanu ndi mmodzi akuimba nthawi imodzi, aliyense zamumtima mwake, Edgardo mkwiyo ndi chikondi zamusakanikira, Enrico chikumbumtima chayamba kumudya, Lucia wangouma. Nthawi yaima dala. Ngati dailekita wakuthandizani kuona kuti aliyense ali payekha ngakhale aimirira pamodzi, wamvera nyimbo. Ngati maso anu ali pa wina wa kwaya yemwe akudya keke pakona, wakuberani.

Pa gawo la misala, lomwe limadutsa mphindi 15, onani zinthu ziwiri. Kwaya, alendo a ukwati aja, akuchita chiyani? Iwowa ndi omwe amavina pamene mtsikana amagulitsidwa, ndiye siteji yabwino imawapatsa mlandu wawo, osati kungoima mzere ngati akudikira chithunzi. Chinacho ndi thupi la woimba. Kumugoneka chagada, kumukweza masitepe kapena kumuthamangitsa pamene akufunika mpweya wa mzere wautali ndi kumupha, ndipo mumva nokha liwu likuvutika. Pali oimba amene amatha kuimba ali chogona bwinobwino, ndiye si lamulo, koma makutu anu akuuzani ngati zatheka kapena ayi. Tcheraninso khutu pomwe nyimbo ya chikondi yomwe anaimba ndi Edgardo pa kasupe, Verranno a te, ikubwereranso mu okesitira, onani nkhope ya Lucia pamenepo ndi zomwe dailekita wamupatsa kuti achite.

Masikilini ndi omwe ine ndimakayika nawo. Amathandiza kuona misozi ndi maso, inde, koma diso la munthu limathamangira chithunzi chachikulu, mapeto ake mwalipira tikiti ya layivi nkumaonera TV munthu weniweni ali pansi pake pomwepo. Mukaona kuti zikukuchitikirani tsitsani maso dala kwa woimba, kapena tsinzinani pang'ono mungomvera.

Kuomba mmanja mu bel canto ndi kololedwa pakati pa sewero, nyimbo yaikulu ikatha ombani, kungodikira kuti okesitira imalize kaye chifukwa ena amayamba notsi yapamwamba ikangotuluka nkukwirira mathero. Ngati simukudziwa kuti yatha kapena ayi dikirani ena ayambe. Wamkazi amamukuwira brava, wamwamuna bravo, akakhala ambiri bravi. Kuwowoza nako kuliko, makamaka ku La Scala komwe anthu a mipando ya kumwamba amadziwika kuti sanyengerera, koma musatengeke nazo. Il barbiere di Siviglia ya Rossini usiku wake woyamba ku Rome mu 1816 anaisokoneza ndi phokoso, lero ndi imodzi mwa ma opera omwe amaonetsedwa kwambiri padziko lonse.

Dailekita ndi anzake okonza siteji ndi zovala amatuluka kudzagwada usiku woyamba wokha, ndiye ngati mukufuna kuona holo ikugawanika ena akuomba ena akuwowoza, gulani tikiti ya tsiku limenelo. Ngati chomwe mukufuna ndi kuimba kokhazikika sankhani usiku wachitatu kapena wachinayi, oimba amakhala atazolowera siteji yozungulira ija ndi masitepe ake, mantha atha, kondakita nayenso wadziwa pomwe sopulano amafuna kupumira, ndipo tikiti nthawi zambiri imakhala yotsikirapo kusiyana ndi ya usiku wotsegulira.